Ndinabweza Uthenga wa Mwera Chifukwa cha Mipata Inayi

Inu a kabaza amene mukuseka kumbuyoko, sekani ndithu, koma mukatha mukafunse kuyambira pano pa Mpamba mpaka ku Bandawe ngati kunabadwapo wolemba malamulo woposa ine Manda. Ndikulumbira pali mayi anga amene anagona kuseri kwa tchalitchi, zimene ndikuuzenizi zinachitika, ndipo zina ndikanakonda zikanapanda kuchitika.

Nditapuma ntchito ya utaipisiti kusukulu, ndinapeza ganyu pa loji ina ku Kande, kulemba mndandanda wa zakudya pa kompyuta. Kumeneko mlendo wina anandionetsa pulogalamu yotumiza mauthenga m'mafoni a asodzi, kuwachenjeza mphepo yaukali ya mwera ikamabwera. Pulogalamuyo inalibe mwini. Aliyense padziko lapansi ankatha kuitsegula, kuona m'mimba mwake ndi kuikonza, mwaulere. Koma poti olemba anali ambiri, aliyense ndi dzanja lake, panafunika munthu wosunga buku la malamulo a kalembedwe, kuti khodi, ndiye kuti malangizo amene kompyuta imamva, izioneka ngati yalembedwa ndi munthu mmodzi. Ntchitoyi aliyense ankaithawa. Ine ndinakweza dzanja.

Mukumva? Bukulo ndinalipeza lili lowonda ngati kalata ya maliro, koma ndinalidyetsa malamulo mpaka intaneti ya loji yonse inkapuma wefuwefu polinyamula, ndipo ndinkataipa mwa liwiro loti zilembo zinafufutika pa kiyibodi, utsi n'kumafuka, wophika wathu n'kumabwera ndi usipa kudzawamba pamwamba pa zala zanga, alendo n'kumati usipa wokoma chotero sanaudyepo. Lamulo langa lalikulu linali lakuti mzere wokhala pansi pa unzake uziyamba patadutsa mipata inayi, osati iwiri, osati itatu, ndipo linamveka moti linthumbu powoloka msewu ku Chintheche linkasiya mipata inayi, tizilombo ta nkhungu tikafuka panyanja tinkaima m'mizere yowongoka, ngakhale makondakitala anachita mantha, n'chifukwa chake mpaka lero minibasi imakukhazikani anayi anayi. Mukuti ndikunama? Akatswiri a ku India ndi ku Brazil, anthu a ndevu zofika pachifuwa, ankati akaona dzina langa pa kompyuta ankaimirira kaye n'kumanga mabatani a malaya. Pomaliza anandipatsa kiyi: chilichonse chimene munthu wakonza chisalowe m'pulogalamu ine ndisanachonge.

Tsopano senderani pafupi, chifukwa apa mawu anga achepa.

Pulogalamuyo inali ndi chilema. Uthenga ukatalika, mafoni ang'onoang'ono a mabatani ankaudula pakati. Msodzi ankangolandira kuti "Mawa nyanja", zotsalazo osaoneka. Mwera utatsala pang'ono kuyamba, mphunzitsi wina wamkazi wa ku Usisya, Nyalongwe, anatumiza khodi yochotsa chilemacho. Anzathu akunja anaiyesa, anati ikugwira bwino, yangotsala tiki ya a Manda. Ine nditaiyang'ana ndinaona mipata iwiri m'malo mwa inayi. Ndinaibweza ndi kalata yaitali.

Mayiyo anayankha mwaulemu, kunditcha ada, ndiye kuti bambo m'Chitonga chathu. Anati, "Ada, kuno netiweki timaipeza pamwamba pa phiri, ndipo ine ndimakwerako Loweruka lokha. Ilowetseni kaye, mipatayo ndikonza pambuyo. Mphepo yayandikira."

Ine ndinamutumizira nambala ya lamulo, basi.

Loweruka anakwera phiri, anakonza mipata. Ndinaibwezanso chifukwa mayina a zinthu anawalemba m'Chitonga, pamene buku langa limati Chingerezi, ngati kuti ine ndinayamwa Chingerezi. Loweruka linalo anakweranso, anasintha mayina. Ndinaibweza kachitatu chifukwa cha mpumiro umodzi umene unasowa kumapeto kwa chiganizo. Zonsezi ndikanatha kunena tsiku limodzi. Ndinkazitulutsa chimodzichimodzi chifukwa zinkandikomera kuti munthu akukwera phiri chifukwa cha ine.

Lachitatu lake mwera unagwa m'mamawa, dzuwa litangotuluka. Uthenga unatumizidwa, koma unafika woduka. Boti lina linagubuduzika cha ku Ruarwe. Anthu onse anapulumuka, anzawo anawavuula, koma injini ndi ukonde wa chilimira zinapita pansi. Tsiku lomwelo anzathu aja analowetsa khodi ya Nyalongwe osandifunsa, ndipo palibe amene anandidzudzula.

Ndinakwera boti la ku Usisya. Anthu ndinawauza kuti ndikukapepesa, koma m'chikwama ndinali nditanyamula buku langa, kuti ndikamuonetse mayiyo kuti ine ndinangotsata zolembedwa. Titafika, boti linaima patali pang'ono ndi mchenga, anthu n'kumalumphira m'madzi. Ine ndinali mu suti ndi nsapato zopolisha. Bambo wina wamapewa aakulu anabwera n'kuwerama.

"Kwerani, ada," anatero, "nsapato zanu zinganyowe."

Anandibereka ngati mwana mpaka kumtunda. Nditamufunsa kwa a Nyalongwe, anandinyamulira chikwama n'kundiperekeza mpaka pakhomo.

Mayiyo anatuluka akupukuta choko m'manja, n'kundipatsa moni wa Chitonga. "Mwe uli, ada Manda? Ndakuzindikirani ndi suti. Amene akuberekaniwa ndi achimwene anga, eni boti linagubuduzika lija. Masiku ano amatsitsa anthu ndi katundu padoko."

Abale anga, ine amene ndinaimitsa linthumbu pamsewu, ndinangoweramira nsapato zanga zoumazo. Bamboyo anangoika chikwama changa pampando mosamala.

Nyalongwe sanakalipe. Anandithirira tiyi, anatsegula laputopu yake yong'ambika pakona, n'kuitembenuzira kwa ine.

"Ada," anatero, "inu mwaiwerenga khodi iyi katatu. Tandionetsani mzere umene umaletsa uthenga kuduka."

Ndinavala magalasi. Ndinatsokomola. Ndinayendetsa chala kuchokera pamwamba kufika pansi, kubwereranso pamwamba, kenako ndinaloza mzere wina wautali umene unkaoneka wofunika.

"Umenewo," anatero mofatsa, "ndi pamene ndinalemba mawu okuthokozani chifukwa cha malangizo anu. Kompyuta siwerenga n'komwe pamenepo."

Mukumva? Ndinali ndisanawaone mawu amenewo, chifukwa ine khodi sindiiwerenga. Sindinalembepo mzere ngakhale umodzi umene kompyuta inaumvera. Ndimangowerenga mipata, monga mmene ndinkachitira pa makalata a ahedi. Akatswiri a ndevu aja sankaimirira ayi, ankangondilekerera chifukwa panalibe wina wofuna ntchitoyo. Buku lija silinatuluke m'chikwama, ndipo tiyi anazizira ndisanamukhudze. Ndinati, "Ama, ndinalakwa," koma mawuwo anatuluka ang'ono ngati a mwanapiye.

Mayiyo anati, "Malamulo anu ndi abwino, ada. Koma mukalembemo kuti chinthu chikakhala chokhudza moyo wa munthu, chizilowa kaye." Ndinakalemba, ndipo ndi lamulo lokhalo m'bukumo limene silinachoke m'mutu mwanga.

Pobwerera, achimwene ake aja anandiperekeza kudoko, ndipo titafika pamadzi anaweramanso, msana womwe uja, kudikira kuti ndikwere. Sindinathe. Ndinawadutsa n'kulowa m'nyanja ndi suti, nsapato ndi sokosi, madzi kufika m'chiuno, anthu onse m'boti akundiyang'ana. Ena pano adzakuuzani kuti Manda anaterereka. Akunama. Ndinalowa dala.