Leonard Akupempha Maulendo Ena Khumi ndi Awiri

Kwa Bwana Mkulu woona za umoyo wa antchito,
Khonsolo ya tauni ya Pozo Seco.

Bwana wolemekezeka,

Ndine Eusebio Valenzuela, nkhalamba ija imaphikira ozimitsa moto. Ndinazimitsa moto zaka makumi atatu mpaka mawondo anati basi. Lero moto umene ndimalimbana nawo ndi wapansi pa mphika wa nyemba. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, choncho mukapeza chilembo chopindika, muchiwongole ndi madigiri anuwo.

Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lakuti wozimitsa moto akaona zoopsa pantchito, khonsolo izimulipirira maulendo khumi ndi awiri kwa mlangizi wa zamaganizo. M'masiku athu mankhwala ake anali mowa ndi kukalipira mkazi wosalakwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha malo amene munasankhira pepala lolembetsera. Munalikhoma m'khitchini, pafupi ndi ndandanda ya otsuka mbale, pamene amuna khumi ndi anayi amadyera tsiku lililonse. Bwana, anyamata amenewa munthu akangometa mokhota amamuseka mpaka Khirisimasi. Mphunzitsi wawo ndine, sindikana. Tsiku lina mmodzi wa iwo, Hector, anangoima pafupi ndi pepalalo pofuna mchere, anzake anayamba kumufunsa ngati amubweretsere kampango kopukutira misozi kapena amuitanire amayi ake. Chaka chonse pepala linakhala loyera mbee, ndipo inu munauza nyuzipepala kuti ozimitsa moto a Pozo Seco ndi amitima yachitsulo. Nkhaniyo tinaidula, timakhazikapo mphika wotentha.

Mmodzi mwa amitima yachitsulowo ndi mkamwini wanga, Rigoberto. Mwezi wa Juni anavuula kamwana ka zaka zitatu m'ngalande yothirira minda ya thonje. Anakauzira mpweya m'kamwa mpaka ambulansi kufika, koma sikanatsitsimuke. Chiyambire tsikulo anasiya kusambitsa mwana wake. Akamva madzi akudzaza m'bafa ankatuluka kukakhala m'galimoto. Matamale anga a ufa wa chimanga, ophikira m'makoko, amene kale ankadya asanu ndi limodzi, ankangowatembenuza ndi foloko. Mwana wanga Marisol anandidandaulira kuti mwamuna ali m'nyumba mwake si uja anakwatiwa naye. Nditamukumbutsa Rigo za pepala lanu, anati, "Apongozi, dzina langa pakhoma paja? Bola ndimire ine."

Chachitatu, zikomo chifukwa cha maso akuthwa a ofesi yanu. Ndinaganiza kuti onse akakhala maliseche palibe woseka mnzake, choncho ndinalemba mayina onse khumi ndi anayi, kuyambira mkulu wathu. Kutatsala mzere umodzi ndinaikapo Leonard, galu wathu amene amakwera nawo galimoto kulikonse. Ndinamupatsa ndi dzina la bambo lomwe, Leonard Ortiz, ndipo ndinalemba ndi dzanja lamanzere poti lamanja linali litalowa mu ufa wa tortilla, buledi wathu wopyapyala. Ofesi yanu inakana khumi ndi anayi aja kuti kalembedwe n'kamodzi. Inavomera Leonard yekha.

Tsono galu sayendetsa galimoto. Ndinauza anyamata kuti chilolezo cha khonsolo sichitayidwa, Rigo azimuperekeza. Lachiwiri lililonse amaima pakhomo kutsanzika wodwala. Wina amamulangiza kuti asalire kwambiri, wina kuti aulule za mphaka uja anamuthamangitsa anthu akuona. Rigo amaseka nawo, chingwe chili m'manja. Woperekeza wodwala sasekedwa, Bwana.

Mlangiziyo, Mayi Whitfield, mutu wawo umagwira. Anayang'ana galu, anayang'ana wogwira chingwe, n'kukhazika Leonard pampando wawofuwofu. Kenako anapempha Rigo kuti, poti mnzakeyo ndi wamanyazi, afotokoze ndiye zimene Leonard anaona kungalande tsiku lija. Zikuoneka kuti galuyu anaona zambiri, chifukwa zinatenga ola lathunthu. Lamlungu lapitali Rigo anaima pakhomo la bafa atanyamula thaulo la mwana. Sanalowe, koma sanathawenso. Matamale wafika pa anayi.

Kodi anyamata akudziwa? Si ana, Bwana. Hector wandifunsa kale chapansipansi ngati Leonard angafune woperekeza wina Lachinayi.

Tsopano ndamva kuti ofesi yanu yayamba kufufuza chifukwa chimene Leonard Ortiz sanabwerere kudzayeza nsapato zantchito. Musadzivute. Ndi wantchito wa mtundu umene mumaukonda: amagona pantchito pomwepo, sadandaula, ndipo bwana akafika amagwedeza mchira. Vuto ndi lakuti maulendo ake atsala awiri, pamene pakati pa khomo la bafa ndi madzi pakadali mtunda.

Choncho ndikugwada, ngakhale mawondo akukana, kupempha kuti mumuwonjezere maulendo ena khumi ndi awiri. Pepala lanu musalichotse m'khitchini ayi, likusunga bwino mbiri yanu. Ndipo tsiku lina mukadzakumbukira amene analikhoma pamenepo, chakudya n'kukana kutsika, musachite manyazi. Leonard sasankha woperekeza. Chingwe chimakhala pa msomali womwe uja wa pepala.

Ine wanu wonunkha utsi ndi anyezi,

Eusebio Valenzuela
Wophika, ndiponso mlembi wa Leonard