Aroma, Amereka ndi Mayi a Tadala

Lolemba
Ndatsimikiza: tikubwerera kwathu ku Dedza. Vuto ndi mayi a Tadala. Kuwauza kuti ndatopa sikuthandiza, iwo amafuna umboni. Umboniwo ndaupeza kuntchito. Nkhalamba imene ndimaisamala ku Bethesda, kuno ku Amereka, inali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ndikamaisambitsa imangokamba za Aroma. Aroma anali ngati Amereka. Aroma anagwa. Basi! Mfundo imodzi pa tsiku, pofika Lamulungu mayi akhala atavomera.

Lachiwiri
Zofanana:
- nyumba ya malamulo yodzaza nkhalamba, dzina lake lomwelo, seneti
- chiwombankhanga pachizindikiro
- asilikali m'maiko a eni
- misewu yosatha
Ndikuwawerengera mayi, iwo akusita yunifolomu. Sakudzutsa n'komwe mutu. "Msewu wabwino ndi mlandu? Fumbi la kwanu mwaliiwala?"

Lachitatu
Mfundo ya bwalo lamasewera. Aroma ankadzaza bwalo kukaonera amuna akuvulazana. Kuno, ku bwalo la mpira la ku Landover, n'chimodzimodzi: zimphona kugundana mitu, chikhamu kukuwa, pakamwa pali nyama. Mfundo yolimba iyi!
Mayi: "Ndiye Mroma wamkulu ndi inu. Amene amakalipira TV muno ndani?"
Tadala akuseka mpaka kutsamwa. Chichewa amati sachimva bwino, koma izi wamva.

Lachinayi
Ndikufunsa nkhalamba ija: kugwako kunatenga nthawi yaitali bwanji?
"Zaka mazanamazana. Ambiri anafa osadziwa kuti akugwa."
Kenako ikupempha thawulo.
Mfundo iyi sindipita nayo kunyumba.

Lachisanu
Akapolo. Kwa Aroma ntchito zosambitsa, zochapa ndi zotaya zonyansa ankagwira anthu ochokera kutali. Kuno akugwira ndani? Ife!
Mayi akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumimba. "Kapolo wake wa galimoto ndi kamimba aka?"
Ndikuimbira a Mwale, mnzanga wa ku Lusaka, kuti andilimbitse mtima. Akuti: "Mudala, ngati Amereka ikugwa zoona, munisiyileko apatimenti yanu."

Loweruka
Chida chomaliza: akaone ndi maso. Sitima kuchokera ku Hyattsville, kumene timakhala, mpaka m'tauni, likulu la dziko. Nyumba zaboma, zipilala zoyera, zonse zokopera kwa Aroma. Ndikufotokoza, ndikuloza, thukuta kamukamu.
Zotsatira:
- mayi ajambulitsa zithunzi pazipilala
- atumiza kwa mng'ono wawo ku Lilongwe
- mng'onoyo akufunsa kuti angabwere bwanji
Pobwerera, m'sitima, mayi akundifunsa motsitsa mawu: "Bambo a Tadala, nkhaniyi ndi ya Aroma kapena ndi ya amayi anu?"
Amayi anga ku Dedza akhala akudwala kuyambira chaka chatha. Pafoni mawu awo akucheperachepera.
Ndikuyang'ana pawindo. Sitima ili pansi panthaka, kulibe choona.

Lamulungu
Tikuchokera kutchalitchi. Patebulo pali pepala: tikiti ya ndege, dzina langa. Masabata atatu ku Dedza. Kuntchito kwanga mayi ayankhula nawo kale. Mankhwala a amayi anga agula kale, nsalu ziwiri zili m'chikwama.
"Mukawaone. Mukakhale nawo pakhonde. Za Aroma musakawatopetse nazo."
Ndikukhala pampando, pepala lili m'manja.
Nkhalamba ija inati kwa Aroma mawu a bambo anali lamulo panyumba. Apo ndiye tasiyana nawo.
Ndikuyang'anitsitsa pepala lija. Tikiti ndi yopita n'kubwerera kuno.