Galimoto ya Magetsi pa Ukwati wa Mlamu Wanga

Kwawo kwa akazi anga ku Chiradzulu, anthu akangoyamba kukamba za ukwati wa Lusiya, ine ndimadzuka n'kupita kukaona mbuzi kukhola, ngakhale mbuzizo si zanga. Akazi anga anandiletsa kukamba nkhaniyi pagulu, koma za kulemba sananenepo kanthu.

Ndimagwira ntchito ku Lilongwe ndipo ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi ku Mauwa. Pabanjapo tilipo akamwini awiri, ine ndi a Makwinja, amene amachita geni ya nandolo ndipo ali ndi pikapu. Pakagwa maliro, pikapu ya a Makwinja. Munthu akadwala, pikapu ya a Makwinja. Ine ntchito yanga pa zochitika zonse inali kunyamula mabenchi (ndipo ndimanyamula bwino, palibe anadandaulapo).

Ukwati wa Lusiya, mwana wotsiriza wa apongozi anga, unagwa nthawi imene mafuta anasowa paliponse, magalimoto akugona pamizere. Akazi anga, amene anali atatsogola kumudzi kukathandiza zokonzekera, anandiimbira foni kuti pikapu ija yaima pamzere ku Limbe ndipo palibe chiyembekezo, choncho mkwatibwi alibe chokwera popita kutchalitchi ku Nguludi, kwawo kwa mwamuna. Ndinamva kachimwemwe kena kamene mkhristu sayenera kukhala nako. Mnzanga wa kuntchito, Yamikani, anali atangoitanitsa kunja galimoto yoyendera magetsi. Ndinati akazi anga auze amayi kuti asade nkhawa, mkwatibwi ndidzanyamula ine. Anandifunsa ngati ndamwa.

Yamikani anandipatsa makiyi pamodzi ndi malangizo ambirimbiri. Anati nambala imene imaoneka kuseri kwa chiwongolero, yosonyeza mtunda wotsala, ndisamaikhulupirire m'mapiri, chifukwa pachitunda batire imasungunuka ngati mchere m'madzi. Anatinso ndikafika ku Blantyre ndiitchaje mpaka idzaze ndisanapitirire. Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pa mipando yachikopa.

Ndinanyamuka Lachisanu m'mawa. Sindikubisireni, pamalo aliwonse omwetsera mafuta ndinkachepetsa liwiro, n'kutsitsa galasi, n'kutulutsa chigongono, kuti anthu a pamzere andione bwino. Ena anali atagona pa zigubu zawo. Ndinawamvera chisoni cha munthu wokhuta. Pokwera mapiri a ku Dedza nambala ija inayamba kutsika mofulumira, koma potsetsereka kuchoka ku Ntcheu inabwererako ndithu, ine n'kunena ndekha kuti galimotoyi imabereka yokha magetsi. Ndinatsegula mphepo yozizira, n'kukweza nyimbo. Chitunda chochokera ku Zalewa chinandilanda zonse zimene ndinkanyadira, moti kwa msuweni wanga Fanuwelo ku Bangwe ndinafika batire ili pafupi kuuma.

Tinadutsitsa chingwe chotchajira pawindo la kukhitchini n'kukagona. Kutacha tinapeza nyumba yonse ili zii, firiji itazima, nkhuku za akazi a Fanuwelo zikuchucha madzi. Galimoto inali itameza mayunitsi onse a m'nyumbamo anthu asanagone tulo tenitenti, kenako zonse n'kuthima. Ndinagula ena pafoni mwamsangamsanga, koma tisanawalowetse n'komwe magetsi anazima Bangwe yense.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanaimba foni kumudzi n'kunena kuti zinthu zavuta, anthu aone chochita kudakali m'mawa. Ine ndinayang'ana nambala ija, n'kuwerengera mtunda wa ku Mauwa ndi wa ku Nguludi mmene amawerengera munthu amene yankho walisankha kale. Zinakwana ndendende. Za mapiri zija ndinaziika pambali.

Kufika kwanga kumudzi sikunayende mmene ndinkalotera. Galimotoyi siilira, choncho ndinalowa mpaka pabwalo popanda wondimva. Amayi amene anakonzeka kundilandira ndi nthungululu anali atandifulatira, akusenda anyezi, ndipo nkhuku sizinasunthe n'komwe. Ndinachita kuimba hutala. Pamenepo ndiye kunali chisangalalo, atsikana akumanga maliboni ndi mabaluni pagalimoto. A Makwinja, amene anabwera pa njinga yakapalasa, anaizungulira, n'kugwada kumbuyo, n'kufunsa kuti utsi umatulukira pati. Ndinawayankha mokweza, kuti ndi akukhitchini omwe amve, kuti nthawi ya mafuta inatha, dziko linapita patsogolo (mawu amenewa anthu amawakumbukirabe bwino kwambiri).

Anthu ambiri anali atanyamuka kale, ena wapansi, ena pa njinga. M'galimoto munakwera Lusiya ndi akazi anga kumbuyo, apongozi kutsogolo chifukwa bondo lawo lamanzere silipindika. Muyenera kudziwa kuti ine ndi apongozi, chikwatirireni, tinkalankhulana chapatali, wina atayang'ana uku wina uko, monga mwa ulemu wake. Kukhala nawo phewa ndi phewa kunali koyamba. Amayi a pamudzi anati tisapite chozemba, tizungulire kaye kumsika anthu aone mkwatibwi, ine n'kuvomera. Lusiya anayamba kutuluka thukuta, akazi anga n'kunena kuti zodzola zake zisungunuka, nditsegule mphepo ija. Ndinatsegula.

Njira ya kumeneko, kwa amene simunafikeko, ndi yafumbi, yokwera ndi kutsika m'munsi mwa mapiri ngati msana wa ng'ombe yowonda. Chitunda chilichonse chinkadya nambala ija ine ndikuona. Ndinatseka mphepo mwakachetechete, kenako wailesi. Kabelu kena kanalira, ndipo pafupi ndi nambala panayaka kachithunzi kachikasu.

"Akamwini, kanyama kayakako n'kachiyani?" anafunsa apongozi, osandiyang'ana.

Ndinati n'kokongoletsa chabe.

"Kakufanana ndi kamba," iwo anatero.

Kanalidi kamba, ndipo galimoto inayamba kuyenda monga mwa chithunzicho. Ndinaponda mpaka phazi kufika pansi, koma bambo wina wokankha njinga ya nkhuni anatipeza, n'kutipatsa moni mwaulemu, n'kutipitirira. Akazi anga anasendera kukhutu kwanga n'kufunsa chapansipansi ngati pali chimene sindinawauze. Ndisanayankhe, galimoto inaima pakati pa chitunda. Inaima mwaulemu, popanda kutsokomola kapena kunjenjemera, moti Lusiya anafunsa ngati tikudikira munthu wina.

Anthu anasonkhana mmene amachitira akaona maliboni. Abambo ena anavula majekete n'kunena kuti ndiike giya yachiwiri, akankhe, ilira. Ndinawauza kuti ilibe giya yachiwiri. Anayang'anana. Wina anathamangira kunyumba kwake n'kubwera ndi petulo wa m'botolo amene anati ankasungira matenda, natsegula kachitseko ka m'mbali, n'kupeza timabowo ta soketi. Anaima botolo lili m'manja, akundiyang'ana ngati ndamunamiza ine. Foni ya akazi anga inkangolira, a kuchimuna akunena kuti bambo mfumu ali ndi maukwati ena tsiku lomwelo ndipo sadikira mpaka kalekale. Misozi ya Lusiya inkangotsika, akuigwira ndi nsonga ya mpango kuti isaononge nkhope.

Mwamwayi panatulukira akabaza awiri a njinga zamoto. Akazi anga anakwinya diresi la mkwatibwi n'kulimanga ndi chitenje, velo n'kuipinda kuiika m'chikwama, ndipo mlamu wanga, amene ndinamulonjeza mipando yachikopa, anapita ku ukwati wake atakumbatira msana wa munthu wosamudziwa. Apongozi anayesa kukwera, koma bondo lija linakana. Anauza ana awo kuti atsogole, ife tiwapeza. Minibasi njira imeneyo panalibe, nazonso zinali pamizere.

Abambo aja anatikankha mpaka pamwamba pa chitunda, pamene panali timagolosale ndi kanyumba kometera tsitsi. Kumeneko magetsi analipo. Wometayo anavomera kutithandiza, koma soketi inali imodzi, choncho anazula makina ake. Munthu amene ankametedwa anatuluka mutu uli mbali imodzi yoyera, n'kukhala pakhonde kutiyang'ana. Sanakwiye. Anangofunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji, ine n'kunena kuti pang'ono (bodza lachingati tsiku limenelo, sindikudziwa).

Tinakhala m'galimoto yamaliboni ija awiriwiri, ine ndi apongozi, dzuwa likukwera. Nambala inkasuntha ngati ikuchita kukakamizidwa. Iwo anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera chamumtima, ine ndikuyang'ana chiwongolero. Patapita nthawi anaika kolona pamwendo n'kunena, ngati akudzilankhulira okha, kuti pano ndiye kuti akuvekana mphete.

Ndinati, "Amayi, wolakwa ndine. Ndinadziwa m'mawa kuti moto ndi wochepa."

"Munadziwa?"

"Eya, amayi."

Kwa nthawi yoyamba anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso. "Mukananena, bambo a Tadala, ndikanalawira mbandakucha ndi ndodo yanga. Ndikanapuma m'njira, koma ndikanafika. Ameneyu ndiye wotsiriza, winanso ndilibe."

Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Anangotenganso kolona yawo n'kupitiriza pamene analekezera.

Tinafika ku Nguludi anthu akutuluka m'tchalitchi, kwaya ikuimba panja. Ndinawathandiza kutsika, ndipo Lusiya atawaona anasiya dzanja la mwamuna wake n'kuthamanga kudzawakumbatira, onse awiri akulira. Kumadyerero sindinadye. Wondinyoza panalibe, ndipo a Makwinja anachita kundibweretsera fanta n'kundisisita paphewa, chimene chinandipweteka kuposa chipongwe. Akazi anga anayambanso kundilankhula titadutsa ku Balaka pobwerera.

Mbale wina wa mkwati anajambula mwambo wonse wa m'tchalitchi pafoni, ndipo ana anawaikira apongozi kanemayo pa foni yawo. Kuyambira pamenepo zolankhulana chapatali zija zinatha. Ndikangofika kumudzi, ndisanamwe ndi madzi omwe, amandiyalitsira mkeka pafupi ndi iwo n'kunena kuti, "Bwerani tionere ukwati wathu uja, poti anzathuwa anaona kale." Ndimakhala pansi n'kuonera, kuyambira nyimbo yolowera mpaka dalitso lomaliza, ndipo pofika pa mphete amandiuza kuti ndibwezere m'mbuyo aonenso. Sindidziwa ngati kumeneku ndi kundikhululukira kapena kundilanga. Akazi anga amati ndi zonse ziwiri, ndipo amati ndikanakhala munthu wakumva bwenzi nditaphunzirapo kunena zoona zinthu zisanafike poipa.

Mwina ndinaphunzira. Koma Lolemba lake, pobweza makiyi, Yamikani anandifunsa mmene galimoto yake inayendera m'mapiri, ndipo mpaka lero amauza anthu kuntchito kuti inafika ku Chiradzulu ndi kubwerako popanda vuto lililonse, akafuna umboni afunse ine.