Ndevu za Kazitape wa ku Rasha

Amalume anasiya kutafuna, maso ali pa foni ya Madalitso. Linali Lamulungu masana ku Cosmo City, ku Joni, kumene ndinkakhala nawo, tsiku limene ndinabweretsa chibwenzi changa Madalitso kudzamuonetsa kwa iwo. Popanda mawu a amalume, amayi ku Ntcheu sakanalola za chinkhoswe. Foniyo inali itayaka patebulo, ikuonetsa gemu imene iye amaikonda, ya mlosi wandevu wa ku Rasha amene m'gemumo ndi kazitape wosafa.

"Uyu ndikumudziwa," anatero amalume. "Wokayika atuluke pompano! Mukumva? Ndili mlonda pa nyumba yoziziritsira nsomba ku Marlboro, kunafika kontena yochokera ku Rasha, nditatsegula ndinapeza munthuyu atakhala pa makatoni a karapao, ndevu zitaundana mpaka m'mawondo, akumwa tiyi wa poizoni kuti amve kutentha, ndipo atangondiyang'ana ndi diso limodzi maloko onse a mu Marlboro anatseguka okha, agalu athu n'kuyamba kuuwa m'Chirasha. Akuti wabwera kudzaba golide yense wa pansi pa Joni! Ndinamumenya chibonga, chibonga n'kupepesa. Apolisi anamuwombera, iye n'kulavula zipolopolo ngati njere za magwafa. Ndinamuponya mu Jukskei, mtsinje n'kubwerera kumtunda, iye n'kutulukira ku Midrand ali wouma, atavala yunifolomu yanga, ine ndili pageti ndi kabudula wamkati yekha! Eish! Ukumva, mnyamata iwe? Ndiye ndinamumbwandira ndevu, poti mphamvu zake zinali mmenemo, tinakokana kuchokera ku Alex mpaka ku Pretoria, msewu waukulu mumayendamo uja unakumbidwa ndi zidendene zanga izi, mpaka ndevu zinazuka, iye n'kuyamba kuchepa, kuchepa, n'kuthawira m'foni. Ngati ndanama, mphenzi indipeze pano!"

Madalitso sachedwa kuseka, ndipo mbiri ya gemuyo amaidziwa yonse. Salola munthu kuilakwitsa. Ndinaona mlomo wake ukunjenjemera.

"Amalume," anatero, "nanga ndevuzo munapita nazo kuti?"

Mumtima ndinati basi, ukwati wathera pano. Amalume anaimirira, analowa kuchipinda, n'kubwerako ndi burashi ya nsapato ya ubweya wakuda.

"Gwira."

Madalitso anailandira ndi manja awiri, atawerama. Anaisisita pang'onopang'ono, nkhope ili duu.

"Zikuzizirabe," anatero.

M'mawa mwake amalume anaimbira amayi foni asanapite kuntchito. Ndinamva ndili kukhitchini: "Mlongo, mkamwini uja ngwabwino. Yambani kukonzeka." Kenako anapukuta nsapato zawo ndi burashi ija, imene ndinawagulira ndine pa spaza, kagolosale ka pakona, n'kupita kukakwera takisi.