Fodya wa a Khansala Chimbalanga

Ana inu, mwambi uwu chiyambi chake n'chotere. Kwathu kunali mlatho wa mitengo pamtsinje wa Liphuphwe. Unali wonyansa, wogwedera, koma tinkaolokera pomwepo popita kuchigayo, kuchipatala ndi kumsika. Kunalinso khansala wathu, a Chimbalanga, munthu wokonda zinthu ziwiri: kuomberedwa m'manja ndi fodya wamphuno.

Tsiku lina tinamva kuti boma la dziko lina lakutsidya kwa nyanja lalonjeza kutimangira mlatho wasimenti. A Chimbalanga anaitanitsa msonkhano.

"Abale anga, azunguwa ndimawadziwa ine," anatero. "Sathandiza munthu amene ali ndi kanthu. Akadzapeza tikuoloka, ndalama apita nazo kwina. Tiphwasule mlathowu, adzatione tili amphawi enieni!"

Alamu awo, a Gwedeza, anati, "Alamu, bwanji tidikire watsopanowo uyambe wafika?"

"Inu zandale simuzidziwa. Khalani pansi."

Ife tinaomba m'manja, kupusa kwake! Mitengo tinagawana n'kusonkhera moto. Mvula inabwera, Liphuphwe anadzaza, ndipo chigayo tinkangochimva kulira kutsidya.

Ndiye linafika tsiku la alendo. Ana inu, ndakalamba ine, koma zimene ndinaona tsiku limenelo sindinazionenso. Kunamveka kugunda kumwamba kopanda mtambo. Kenaka chinatulukira kuseri kwa phiri chindege cha helikopita, n'kuima m'malere, osapita kutsogolo, osabwerera m'mbuyo. Mitengo inawerama, udzu unagona, madenga anasasuka. Amayi amene anakonzekera nyimbo anaiwala mawu. Ine ndinagwada osadziwa kuti ndagwada. Ndinati mumtima, anthu oimika chitsulo mumlengalenga, mlatho ndi chiyani kwa iwo?

Munatsika mayi wamtali ndi womasulira wake. Anayang'ana mtsinje, nafunsa, "Kodi mlatho wakale uja uli kuti?"

"Tilibe chilichonse, bwana!" anayankha a Chimbalanga monyadira. "Ndife ovutika zedi!"

Mayiyo anagwira pakamwa. Womasulira anati, "Akuti pepani. Kwawo kunali chisankho, ndipo boma lasintha. Latsopanoli likuti ndalama za misonkho ziyambe zathandiza eni ake. Abwera kudzatsanzika. Amaganiza kuti ndi timakobiri totsala akuthandizani kukonza wakale uja, koma poti palibe chokonza..."

Alendo anakwera chindege chawo.

A Chimbalanga anatulutsa kabotolo kawo ka fodya, nagogoda, nagogodanso. Munatuluka kafodya kotsiriza, poti wogulitsa fodya naye anali kutsidya. Anakaika pachala, koma asanakafikitse pamphuno anakumbuka ulemu, nakweza dzanja lomwelo kubayibitsa alendo. Chindege chinazungulitsa mapiko ake, chimphepo chinati kuu! Titatsegula maso, chindegecho chinali kadontho kumwamba, ndipo chala cha a khansala chinali mbee.

Anachinunkhiza chalacho, nayang'ana kumwamba, nayang'ana mtsinje, misozi ili lengelenge. Kunena zoona, ndinawamvera chisoni. Koma chilamu sichidziwa maliro. A Gwedeza anafwenkha fodya wawo bwinobwino, nayetsemula, n'kuwasisita paphewa.

"Pepani alamu. Zandale sindizidziwa ine, koma ichi chokha ndikuchidziwa: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."