A Kalekeni Ankajambula ndi Nyimbo

Pa Santhe palibe amene sadziwa kuti a Kalekeni ankaimba akamajambula anthu. Anzawo onse anathamangira mafoni, iwo n'kukakamira kamera yawo ya filimu, ya miyendo itatu ija. Malo awo apamtima anali m'chigafa, fodya ali lendelende. Ankati m'kachisisira ka mmenemo kamera imafuna kuyang'ana nthawi yaitali, ndiye wotchi yawo inali ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi. Akangoiyamba, iwe uume gwa mpaka Ameni.

Mawu awo, abale inu, ngati mbuzi yoiwalidwa pamvula. Ine ndinalephera kupirira, ndinaphulika nako kuseka. Chithunzi chinatuluka thupi langa ndithu, koma mutu utsi wokhawokha. Nditadandaula anandiyankha kuti filimu sinama, wosakhazikika ndine.

A Grey, tenanti wochokera ku Mulanje, anayetsemula ndi fumbi la fodya pakati pa ndime, n'kutuluka ndi mitu iwiri. Anatumiza kwawo chomwecho. Akazi awo anayankha msangamsanga, kufunsa kuti winayo ndani.

Eni akewo, akuimba choncho, ankadutsa kutsogolo kwa kamera kupirikitsa nkhuku. Tikakuwa kuti aononga chithunzi, ankangoti, "Woyenda saoneka." Ndipo sankaonekadi.

Vuto lake tinaliona a Kalekeni atamwalira chaka chatha. Munthu wojambula dera lonse, chithunzi chake ngakhale chimodzi kunalibe. Akazi awo, mayi Feggie, zinawapweteka koopsa. Adzukulu adzawaonetsa chiyani?

Mwana wawo Thandizo ananyamula katoni ya manegetivi, ulendo ku boma kukawaika pa sikana. Ankawagwira m'mphepete n'kuuzira fumbi, monga ankalamulira bambo ake, amene chala pa filimu ankachiyesa tchimo. Masiku atatu akufufuza. Maukwati, ubatizo, ngakhale nkhumba ya a Grey, zonse zinatuluka pakompyuta, iwo osapezeka.

Kenako anafika pa chithunzi cha mayi ake ali mtsikana, ataima m'chigafa. Atachiwalitsa pang'ono, pambali pawo panatulukira munthu wotuwa, masamba a fodya akuonekera pachifuwa pake. Nkhope yokha, ya bambo ake, inali bwinobwino, mano onse pamtunda, maso ali pa mayiwo.

Atawabweretsera, mayi Feggie anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Tsiku limenelo nyimbo inadukira panjira," anatero. "Zaka zonsezi ndimayesa anaiwala mawu."

Tinaseka mpaka misozi, ndipo ina sinali ya kuseka. Masiku ano ana amatijambula tikutafuna, tisanamange n'komwe mabatani, ndipo kunena zoona mdala uja ndamusowa. Chithunzicho mayi Feggie anakana kuchikoleka pamwamba. Anachikhomera m'munsi, pamene adzukulu angathe kufikira.