Kazembe wa Mabvuto ku Chanyanya

Lolemba
Mabvuto, mwana wa malemu mlongo wanga, wandisankha kukhala nkhoswe yake. Akufuna Mutinta, mwana wa Ba Mweemba, msodzi wa ku Chanyanya. Mnyamatayu ndinamulera ndekha, ndiye ikalephereka nkhaniyi ndilibe poika nkhope. Mtima uli m'mwamba. Mwamwayi, pa foni ndapeza katswiri wa za ukazembe ndi nkhondo, wa tayi yofiira. Akuti:
1. Dziwa mdani wako.
2. Usaonetse changu.
3. Usagwade.
Ine sajeni wopuma ndikuvomereza zonse.

Lachiwiri
Ukazitape. Ndapalasa njinga mpaka ku Chanyanya, chipewa chili m'maso, ngati wodzagula nsomba. Ndikusuzumira mabwato, ndikufunsa mozungulira. Mayi wogulitsa nsomba akuti: "Shani Ba Sajeni? Mukamupatse moni Mabvuto." Kani ndi amayi ake a Mutinta! Ndabwerako ndi mulu wa nsomba zomwe sindikuzifuna.

Lachitatu
Kwa Ba Mweemba akutidikira lero kuti tikakambe za ukwati. Sindipita, katswiri akuti wofulumira ndiye wogonja. Koma kukhala pansi kukukanika. Ndazungulira nyumba, ndathirira repu wothiriridwa kale. Madzulo Mabvuto waimba: anapha nkhuku, anaitana ndi amalume a mtsikana ochokera kutali, adikira mpaka dzuwa kulowa. Ndamuuza kuti imeneyo ndi njira ya akadaulo. Wadula foni.

Lachinayi
Kuonetsa mphamvu. Suti, mamendulo pachifuwa, anzanga awiri opuma usilikali, wina wa ndodo. Tanyamula mbale zovundikira, muli ndalama zofunsira mbeta. Atiyalira mphasa, ine ndaima njo, ndamenya saluti. Ndikufotokoza za mgwirizano wopindulira mbali zonse ziwiri. Ba Mweemba akusoka ukonde, osadzutsa mutu: "Mwabwela kupempha mwana olo kugwila munthu?" Mbale zabwerera zosavundukula.

Lachisanu
Uthenga wafika kuchokera kwa Ba Mweemba: nkhani yatha. Kunyumba nako andiikira zilango. Mkazi wanga sakundilankhula, nshima akungoisiya patebulo, nsomba za Lachiwiri zija ndikulimbana nazo ndekha. Ndatsegula foni kuti katswiri andithandize. Lero akukamba za sitima zankhondo za pansi pa nyanja. Ife kuno ndi nyanja yomwe tilibe, koma mtsinje basi.

Loweruka
Mabvuto wabwera pochoka ku fakitale, ovolosi ili mbuu ndi feteleza. Wakhala pakhonde, sakukalipa. "Ba malume, nenze kufuna chabe munthu wonikambilako monga batate." Bola akanandizazira. Wapita osamwa tiyi. Zandipweteka kwambiri, ndipo wa tayi yofiira uja ndamufufuta pa foni.

Lamulungu
Mamendulo ali m'kabati. Mbale wanyamula mkazi wanga, Mabvuto ali pambuyo ngati wopita kumaliro. Ndagwada pa dothi la ku Chanyanya, ndaomba m'manja, ndati tinalakwa, tabwera kudzapempha mwana. Ba Mweemba akupitiriza kusoka ukonde wawo. Zikuoneka kuti lamulo lachiwiri lija nawonso amalidziwa. Nyerere zikukwera buluku, ine osasuntha. Pomaliza aika ukonde pansi, avundukula mbale, amayi a Mutinta aimba nthungululu.

Ndiye poti ndidzuke, mawondo akana. Nkhani zonse zotsala zakambidwa ndili chigwadire. Ondidzutsa ndi Ba Mweemba mkono uwu, Mabvuto mkono uwo.